Kalata Yotseguka kwa Olumbiritsa ma Notary ku America: Musanapereke Chidindo, Phunzitsani Munthu Kukana

Kwa a Secretary of State, abwanamkubwa ndi aphungu a nyumba za malamulo m'zigawo zonse za dziko la America,

Olemekezeka,

Ndikulemba kalatayi monga mmodzi mwa anthu oposa 4 miliyoni amene munawapatsa chidindo cha notary public m'dziko lino, udindo wa boma wochitira umboni anthu akamasaina zikalata zofunika. Ndailemba m'Chichewa kuti abale anga amene akuganiza zolowa ntchitoyi amve nawo, pamodzi ndi ena ambiri amene tsiku lina adzapezeka ali kutsogolo kwa notary, cholembera chili m'manja. Pempho langa lalikulu ndi limodzi. Musamapatse munthu chidindo musanamuphunzitse nthawi imene ayenera kukana kudinda, ndipo akakana, muzimuikira kumbuyo.

M'chigawo chimene ndikukhala, njira yofikira pa udindowu inali yaifupi. Ndinalemba fomu pa intaneti, ndinalipira ndalama yake, ndinagula ku kampani ya inshuwalansi chikole cholipira munthu amene ndingamuvulaze nditalakwitsa, kenako ndinakakweza dzanja pamaso pa kalaliki n'kulumbira. Chidindo chinandipeza pa positi. Palibe amene anandikhazika pansi kuti aone ngati ndikudziwa kusiyana kwa ntchito ziwiri zimene notary amagwira tsiku ndi tsiku. Yoyamba, imene amaitcha acknowledgment, ndi pamene munthu amavomereza pamaso panga kuti siginecha imene ili papepala ndi yake ndipo anasaina mwa kufuna kwake. Akhoza kukhala kuti anasaina dzulo kunyumba, bola abwere yekha kudzavomereza. Yachiwiri, imene amaitcha jurat, imafuna kuti asainire pomwepo ine ndikuona, ndiponso alumbire kuti zolembedwazo n'zoona. Notary akasokoneza ziwirizi, chikalata chimabwezedwa ku ofesi ya malo, kapena chimakagwa m'khoti patapita zaka, mwiniwake atadalira kale kuti zonse zili bwino. Zimenezi ndinaziphunzira nditalumbira kale, kuchokera m'mabuku amene ndinadzigulira ndekha komanso kwa mayi wina amene wakhala pa ntchitoyi kwa zaka zambiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti chidindo chimatsimikizira kuti zolembedwa m'chikalata n'zoona kapena kuti n'zogwirizana ndi malamulo. Si choncho. Notary wa ku America si loya, saloledwa kupereka uphungu wa zamalamulo, ndipo sayenera ngakhale kumusankhira munthu mtundu wa chikalata chimene akufunika. Ntchito yake ndi kudzifunsa mafunso ochepa okha. Kodi munthuyu ali pano pamaso panga? Kodi ndi mwini dzina limene lili papepalali? Kodi akudziwa chimene akusaina, ndipo akuchita mwa kufuna kwake? Mafunsowa amaoneka opepuka mpaka tsiku limene yankho la limodzi mwa iwo likhala lakuti ayi, ndipo anthu onse m'chipindamo akuyang'ana iwe kuti udinde basi azipita.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu munachitapo kale kanthu. Ku California munthu watsopano amaphunzira maola 6, amalemba mayeso n'kupeza 70 peresenti, amadinditsa zala kuti mbiri yake ifufuzidwe, amagula chikole cha $15,000, ndipo amayenera kukasiya lumbiro ndi chikolecho kwa kalaliki wa dera lake pasanathe masiku 30. Pakatha zaka 4 amalembanso mayeso. Ku Florida kuli maphunziro a maola 3 ndi chikole cha $7,500, ndipo amene amaika munthu pa udindo ndi bwanamkubwa. Ku New York kuli mayeso koma kulibe chikole. Ku South Carolina udindowu umatha pakapita zaka 10, pamene ku Louisiana ndi wa moyo wonse, mayeso ake ndi ovuta kwambiri, ndipo notary wa kumeneko amaloledwa kulemba yekha zikalata zina chifukwa malamulo a chigawocho anachokera ku France ndi Spain. Koma pali zigawo zina zimene mpaka lero sizifuna maphunziro kapena mayeso alionse. Vuto lake n'lakuti chikalata chodindidwa m'chigawo chimodzi chimalandiridwa m'zigawo zinzake. Chidindo cha munthu amene sanaphunzitsidwe chilichonse chikhoza kusamutsa umwini wa nyumba imene ili m'chigawo chimene chimakhwimitsa malamulo ake. Choncho kulekerera kwa chigawo chimodzi kumavulaza anthu a m'zigawo zonse.

Sindikukupemphani kuti mutseke khomo. Ineyo ndinalowera pakhomo limene ena anachita kulimenyera nkhondo. Mu 1961 Khoti Lalikulu Kwambiri la dziko lino linagamula mokomera Roy Torcaso wa ku Maryland, amene anamanidwa udindo wa notary chifukwa chokana kulengeza kuti amakhulupirira Mulungu. Oweruza onse anagwirizana kuti boma silingayese munthu ndi chipembedzo pomupatsa udindo. Mu 1984 khoti lomwelo linagamula mlandu wa Efrem Bernal, wobadwira ku Mexico, amene ankakhala ku Texas movomerezeka n'kumathandiza anthu ogwira ntchito m'minda pa nkhani za malamulo. Texas inamukaniza udindowu chifukwa sanali nzika, ndipo khoti linati lamulo limenelo n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Chifukwa cha mlandu umenewo, obwera m'dziko lino movomerezeka tikhoza kulumbira ndi kutumikira anzathu. Zimenezi zisasinthe. Ndalama zolembetsera zikhale zoti munthu wogwira ntchito wamba angakwanitse, ndipo maphunziro azipezeka madzulo ndiponso pa intaneti kuti wogwira ntchito masana asatsalire. Koma khomo lotseguka silitanthauza kuti wolowa asauzidwe kulemera kwa katundu amene akusenza.

Udindowu unayamba ndi chenjezo. Munthu woyamba kuikidwa kukhala notary m'madera amene Angelezi anakhazikitsa ku America anali Thomas Fugill, ku New Haven mu 1639, ndipo patapita zaka zochepa anachotsedwa atapezeka kuti wasintha zolembedwa kuti apindule yekha. Mbiri ili ndi mbali inanso yokoma. Pulezidenti Warren Harding atamwalira pa 2 Ogasiti 1923, wachiwiri wake Calvin Coolidge anali kwawo ku Plymouth Notch m'chigawo cha Vermont. M'bandakucha wa pa 3 Ogasiti, nthawi ili 2:47, bambo ake omubereka, amene anali notary, anamulumbiritsa powala nyali ya palafini. Pambuyo pake analumbiranso ku Washington pamaso pa woweruza, chifukwa ena ankakayikira ngati notary wa chigawo ali ndi mphamvu yolumbiritsa pulezidenti, komabe usiku umenewo dziko lonse linatsamira pa mawu a mlimi mmodzi wokhulupirika.

Tsopano ndikuuzeni mmene kukana kumaonekera pafupi, chifukwa m'maofesi mwanu mumafika mafomu okhaokha.

Tsiku lina ndinaitanidwa ku nyumba ina yosamalira okalamba. Ndinapeza mayi wachikulire ali pa njinga yake pafupi ndi windo, bulangete lili m'miyendo, tsitsi lopesedwa bwino. Pambali pawo panali bambo wina wachibale, wovala mooneka bwino ndi wolankhula mwaulemu, atanyamula chikalata chomupatsa mphamvu zoyendetsa akaunti za kubanki ndi nyumba ya mayiwo. Mapepalawo anali atawapinda kuti tsamba lomaliza lokha ndi limene lizioneka, chala chake chili kale pamzere wosainapo. Chitupa cha mayiwo chinali chabwinobwino, nkhope ndi dzina zinagwirizana. Koma funso lililonse limene ndinkafunsa mayiwo, ankayankha ndi bamboyo. Ndinamupempha kuti atuluke kaye pang'ono. Titatsala awiri ndinakhala pampando kuti maso athu alingane, n'kufunsa kuti, "Amayi, pepala ili ndi la chiyani?" Anandiyang'ana, kumwetulira, n'kunena kuti ndi la mankhwala awo atsopano. Ndinafunsanso mwa njira ina, ndinawawerengera mutu wa chikalatacho pang'onopang'ono, koma sanathe kundiuza kuti akupereka chiyani kwa ndani. Ndinalemba m'kaundula mwanga kuti ndakana ndi chifukwa chake, n'kubweza chidindo m'chikwama. Ulemu wa bambo uja unathera pomwepo. Anandiuza kuti ndamutayitsa nthawi, ndipo apeza notary wina tsiku lisanathe.

Mawu omalizawo ndi amene amandisowetsa mtendere mpaka lero, chifukwa sankanama. M'tauni iliyonse muli ma notary ambirimbiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu abwino amene sanauzidwepo kuti akhoza kutulutsa wachibale m'chipinda, kuti ayenera kufunsa funso lofuna kuti munthu afotokoze yekha osati longoyankha kuti inde, ndiponso kuti chitupa chabwino si mapeto a nkhani. Mwina bamboyo analibe cholinga choipa. Mwina ankangofuna kulipira ngongole za mayiwo, ndipo sankadziwa kuti munthu akafika pamenepo njira yoyenera imadutsa kukhoti, kumene woweruza amasankha womuyang'anira. Si ntchito yanga kuweruza mtima wake. Ntchito yanga inali kuona kuti mayi amene anali patsogolo panga sakudziwa chimene akusaina. Nzeru yotulutsa wachibale ija sinachokere ku ofesi imene inandilumbiritsa. Anandipatsa ndi mayi wa zaka zambiri pa ntchito uja, tikucheza chabe.

Lamulo lachitsanzo limene bungwe la Uniform Law Commission linalemba mu 2010, lodziwika ndi dzina lakuti RULONA, limene zigawo zambiri zinatengerako, limanena momveka kuti notary akhoza kukana ngati sakukhutira kuti wosainayo ali ndi nzeru zokwanira kapena kuti akusaina modziwa ndi mwaufulu. Ndi mawu abwino. Koma mphamvu imene mwini wake sakuidziwa siteteza aliyense. Maphunziro amene ndikupempha asakhale oloweza manambala a ndime za malamulo. Aonetseni ophunzira zochitika zenizeni: wodwala amene wangolandira mankhwala ogonetsa, mkazi amene amayang'ana kaye nkhope ya mwamuna wake asanayankhe, munthu amene chithunzi cha pa chitupa chikufanana naye pang'ono chabe, chikalata chimene chili ndi mipata yosalembedwa imene wina angadzaze pambuyo pake. Auzeninso kumene angaimbe foni akaona wokalamba akudyeredwa masuku pamutu. M'chigawo chilichonse muli ofesi yoteteza achikulire, imene m'malo ambiri imatchedwa Adult Protective Services, koma pa tsiku lolumbira palibe amene amaitchula.

Chipsinjo china chimachokera kwa abwana. Ma notary ambiri si anthu odziimira paokha. Ndi alembi a m'maofesi, ogwira ntchito kubanki, kumalo ogulitsa magalimoto, kumaofesi a maloya, ndipo nthawi zambiri amene analipira fomu, chikole ndi chidindo ndi kampani. Choncho abwana amaona ngati chidindocho ndi katundu wa kampani ngati makina osindikizira. Amabwera ndi pepala losainidwa kale n'kunena kuti, "Kasitomalayu timamudziwa, wachoka posachedwapa, ingodindapo." Mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi lendi yoti alipire kumapeto kwa mwezi amayang'ana pepala, kuyang'ana abwana, n'kudinda. Dzina limene lili pa chidindocho ndi lake, ndipo tsiku la mlandu woyamba kuitanidwa ndi iyeyo.

Munaona nokha kumene khalidweli limakafika. Mu 2010 zinaululika kuti makampani akuluakulu oyang'anira ngongole za nyumba ankasainitsa antchito awo zikalata zolumbirira zoti alande anthu nyumba popanda kuziwerenga, ndipo zambiri zinkadindidwa wosainayo palibe. Wantchito wina anavomereza atalumbira kuti ankasaina zikalata pafupifupi 10,000 pa mwezi. Mu Febuluwale 2012 mabanki asanu anagwirizana ndi boma lalikulu ndi zigawo 49 kulipira $25 biliyoni. Pa chikalata chilichonse chotere panali notary amene akanatha kunena kuti ayi, koma sanaone aliyense woti angaime naye. Zigawo zina zinaganizirapo za zimenezi. Ku California ndi mlandu kukakamiza kapena kunyengerera notary kuti achite zosemphana ndi lamulo, ndipo chidindo ndi kaundula ndi za notary yekha, abwana sangazilande ngakhale ntchito itatha. Ku Florida kudinda wosainayo palibe kuli ndi chindapusa chofika $5,000, ndipo olemba ntchito amakhala nawo pa mlandu ngati notary walakwitsa ali pa ntchito yawo. Malamulo oterewa akhale paliponse. Muwonjezerepo lina loletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa chokana kudinda mosayenera, ndipo mutumize kalata kwa olemba ntchito aliyense amene walipirira wantchito wake chidindo, yowauza poyera kuti munthuyu akagwira chidindo amatumikira chigawo, osati kampani.

Ndifike pa kaundula, chifukwa pamenepa sindimvetsa chimene ena mwa inu mukudikira. Kaundula ndi buku limene notary amalembamo tsiku, nthawi, mtundu wa chikalata, dzina la wosaina, chitupa chimene waonetsa, ndipo m'malo ambiri wosainayo amasainamonso. Ku California, ngati chikalata chikukhudza malo kapena nyumba, kapena chikupatsa wina mphamvu zoimira mnzake, wosaina amadindanso chala chachikulu m'bukumo. Wakuba amene wabwera ndi chitupa chabodza amaganiza kawiri akauzidwa kuti asiye chala chake. New York inayamba kufuna kaundula mu Januwale 2023, ndipo amasungidwa zaka 10. Koma m'zigawo zina bukuli silikakamizidwa, ndipo ena amati n'lotopetsa. Kulemba mzere umodzi kumatenga mphindi ziwiri. Patapita zaka zisanu, ana akamakangana m'khoti ngati bambo awo anasainadi, palibe notary amene angakumbukire nkhope ya munthu amene anamuona kamodzi. Buku limakumbukira. Limatetezanso notary wosalakwa, chifukwa chidindo chimabedwa ndipo chimakopedwa mosavuta kuchokera pa zikalata zimene zili poyera ku ofesi ya malo.

Dziko lonse linaona zimenezi mu Meyi 2024, pamene nyumba ya Graceland ku Memphis, imene inali ya woimba wotchuka Elvis Presley, inatsala pang'ono kugulitsidwa pa malonda a poyera. Kampani ina yabodza inkanena kuti mwana wake Lisa Marie Presley, amene anamwalira mu Januwale 2023, anabwereka $3.8 miliyoni n'kuika nyumbayo ngati chikole. Pa zikalatazo panali dzina ndi chidindo cha notary wa ku Florida. Notary ameneyo analemba chikalata cholumbirira chonena kuti sanakumanepo ndi Lisa Marie Presley ndipo sanamudindirepo kanthu, ndipo woweruza anaimitsa malondawo kutatsala tsiku limodzi. Mu 2025 mayi wina wa ku Missouri anavomera mlandu wa chinyengo pa nkhaniyi. Banja limenelo linali ndi maloya ndi dzina lotchuka. Mayi wamasiye amene ali ndi kanyumba kamodzi m'tauni yosadziwika amadzamva nkhani yake pamene alendo afika pakhomo ndi makiyi. Maofesi ena olembetsa malo anayamba kutumiza uthenga waulere kwa mwini nyumba chikalata chilichonse chikalembetsedwa m'dzina lake. Chitani kuti zimenezi zifike dera lililonse, ndipo notary nayenso azilandira uthenga chikalata chokhala ndi nambala yake chikalembetsedwa, kuti athe kunena msanga kuti ichi si changa.

Za chikole, auzeni anthu zoona zake asanalipire. Atsopano ambiri amaganiza kuti chikole ndi inshuwalansi yowateteza. Chimateteza munthu amene wavulazidwa, ndipo kampani ikalipira imabwerera kwa notary kuti abweze ndalamazo. Inshuwalansi yoteteza notary ndi ina, yogula padera. Komanso $7,500 kapena $15,000 n'chiyani poyerekeza ndi mtengo wa nyumba? Madzi akatayika sawoleka. Chikole chimangopepesa zinthu zitaonongeka kale, n'chifukwa chake ndikukakamira pa maphunziro ndi kaundula.

Nkhani ya malipiro ndingoidutsa mwachidule. Ku New York lamulo limalola notary kulandira $2 pa siginecha, ku California $15. Palibe amene analemera ndi ndalama zimenezi, ndipo sindikufuna kuti osauka azilephera kudinditsa. Koma malipiro otsika kwambiri amaphunzitsa aliyense, wodinda ndi wodinditsa, kuti ntchitoyi ndi ya masekondi ochepa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene adzaza pa intaneti akulonjeza kuti munthu akangopeza chidindo ayamba kupanga ndalama zankhaninkhani posainitsa zikalata za ngongole za nyumba, n'kumagulitsa maphunziro okwera mtengo. Ofesi zanu zikhale zoyamba kulankhula. Patsamba lolembetsera lembanipo momveka chimene udindowu uli, ndalama zimene lamulo limalola, ndi milandu imene munthu angagweremo.

Pali gulu lina limene limavulala mwakachetechete, ndipo ndilo la anthu obwera kuchokera kumayiko ena. M'mayiko ambiri notary ndi katswiri wamkulu wa malamulo. Ku Mexico amayenera kukhala loya ndi kupambana mayeso ampikisano. Ku England ambiri ndi maloya amene anaphunziranso maphunziro apadera, ndipo amaikidwa ndi ofesi ya Archbishop wa ku Canterbury kuchokera mu 1533. Ngakhale ku Puerto Rico, pansi pa mbendera ya America yomweyi, notary amayenera kukhala loya. Munthu wochokera kumalo otere akaona chikwangwani cha notary pa shopu, amaganiza kuti wapeza loya. Akathyali amadziwa zimenezi. Amalandira ndalama zambiri kuti amulembere munthu mafomu a zolowa ndi kutuluka m'dziko, kulemba zolakwika kapena zabodza, ndipo munthuyo amataya ndalama, nthawi zina ndi mwayi wake wokhala m'dziko. Zigawo monga California ndi Texas zinaletsa ma notary amene si maloya kudzitcha notario publico, ndipo zimafuna kuti wotsatsa ntchito yake m'chilankhulo china alembe poyera kuti si loya. Lamuloli ndi labwino koma likufunika olitsatira. Anthu amene aberedwa motere saopa wakubayo yekha, amaopanso ofesi ya boma iliyonse, ndiye sadandaula. Tumizani anthu anu aziyendera mashopu amenewa, ndipo tsegulani njira yodandaulira imene sifunsa munthu za mapepala ake okhalira m'dziko.

Ife amene timalankhula zilankhulo zina timakumananso ndi vuto limene malamulo a zigawo zambiri sanenapo kanthu momveka. Notary ayenera kumvana mwachindunji ndi wosaina. Nanga ngati wosainayo sadziwa Chingelezi, ndipo womasulira ndi mwana wake yemwe amene apindule ndi chikalatacho? Zigawo zochepa zokha ndi zimene zinalemba poyera za womasulira. M'zina notary amangodzionera yekha. Tipatseni lamulo lomveka: womasulira asakhale wopindula ndi chikalata, aonetse chitupa, alumbire, ndipo dzina lake lilowe m'kaundula. Komanso pa mndandanda wanu wa ma notary, tiloleni tilembe zilankhulo zimene timalankhula, kuti gogo amene amamasuka m'Chichewa, m'Chiswahili kapena m'Chiamhariki apeze munthu amene angamufunse mafunso aja m'chilankhulo chimene amaganizira. Anthu omwewa ndi amene amatumiza kwawo zikalata zopatsa wachibale mphamvu zogulitsa malo kapena zotenga ana kusukulu. Chikalata chotere chimafuna chitsimikizo china chotchedwa apostille, malinga ndi pangano la ku The Hague la mu 1961 limene America inalowamo mu 1981, ndipo amene mumapereka chitsimikizocho ndinu nomwe. Mukudziwa kuchuluka kwa zikalata zimene mumabweza chifukwa notary anaiwala tsiku, anadinda chidindo chotha nthawi, kapena anangodinda popanda mawu otsimikizira. Wolipira kulakwitsa kumeneko ndi munthu amene anapempha tchuthi kuntchito ndi kulipira positi yodula, pamene ola limodzi la maphunziro likanapewetsa zonsezo.

Kudinda kudzera pa vidiyo kunayamba ku Virginia, kumene lamulo lake linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2012, ndipo mliri wa mu 2020 unachititsa kuti zigawo zambiri zitsatire. Ndikuona ubwino wake kwa odwala, asilikali ndi okhala kutali. Kuli chitetezo chimene papepala palibe, chifukwa zokambiranazo zimajambulidwa n'kusungidwa. Koma kamera imaonetsa nkhope yokha. Sionetsa amene waima kuseri kwa kompyuta akulozera ndi dzanja. Ndipo masiku ano nkhope ndi mawu zikhoza kupangidwa ndi makina. Musalole munthu amene sanadindepo chikalata pamaso pa munthu weniweni kuti ayambire pa vidiyo popanda maphunziro apadera, ndipo muphunzitseni kupempha wosaina kuti azungulitse kamera m'chipinda chonse.

Mwina munena kuti zonsezi zikufuna ndalama zimene maofesi anu alibe. Ndalama zolembetsera zimene timalipira pakatha zaka zingapo zilizonse zigwire ntchito imeneyi m'malo mongolowa m'thumba lalikulu la chigawo. Maphunziro a pa intaneti amakonzedwa kamodzi n'kumagwiritsidwa ntchito ndi anthu masauzande. Mabungwe monga National Notary Association, limene lakhalapo kuyambira mu 1957, akhala akuphunzitsa ndi kuyankha mafunso a mamembala awo, ndipo ndimawayamikira. Koma amene anandilumbiritsa si iwo. Sizoyenera kuti wogwira udindo wa boma achite kulipira umembala kwina kuti apeze womuuza chimene lamulo la boma lomwelo likufuna.

Choncho ikani nambala ya foni imene notary angaimbe ali pakati pa ntchito, wosaina atakhala patsogolo pake, n'kupeza munthu wodziwa malamulo a chigawocho, kuphatikizapo madzulo ndi Loweruka pamene ambiri a ife timaitanidwa kuzipatala ndi m'makomo. Ikani pa intaneti mndandanda umene aliyense angafufuzepo dzina la notary n'kuona ngati udindo wake ukugwirabe ntchito kapena analandidwa. Wina akataya chidindo, pakhale njira yoti anene tsiku lomwelo ndipo nambala yake itsekedwe. Wina akasiya ntchito kapena akamwalira, pakhale ofesi yodziwika yolandira kaundula wake, monga mmene California imachitira kudzera mwa kalaliki wa dera. Ndipo mukadzakhala pansi kukonzanso malamulowa, itananimo ena mwa ife amene timayenda ndi chidindo m'chikwama, makamaka ogwira ntchito pansi pa abwana ndi otumikira anthu osalankhula Chingelezi. Tili okonzeka kubwera.

Ndatha ine wanu,
Notary public wolumbira m'chimodzi mwa zigawo zanu